Phazi, tepi ndi kalembera: momwe ana a maiko ena amaphunzirira ziwerengero

Bungwe la Afrobarometer, limene limafunsa anthu a m'maiko a mu Africa maganizo awo, likatulutsa zotsatira za kafukufuku wake, makamaka chisankho chikayandikira, mawu amodzimodzi amamveka pa wailesi, m'minibasi ndi pa Facebook: "Ine sanandifunse. Ndiye anafunsa ndani?" Ena amati anthu 1,200 sangalankhulire dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 17.5 miliyoni. Amene zotsatirazo zawakomera amangoomba m'manja osafunsa kanthu, mpaka tsiku limene zidzawatembenukire.

Funso loti "anafunsa ndani" si la umbuli ayi. Katswiri wa ziwerengero amayambiranso pomwepo, kungoti iye amadziwa kumene angapeze yankho ndi momwe angaliyezere. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, maiko angapo akhala akuyesa kupatsa ana luso limeneli akadali kupulayimale. Sawapatsa manambala opeka a m'buku la masamu. Amawapatsa manambala enieni, ochokera kwa iwo eni ndi kwa anzawo a maiko ena.

Statistics ndi deta

Ambiri a ife tikamva mawu oti deta timaganiza za bando ya intaneti imene imatha pakati pa vidiyo. Kwa anthu a kafukufuku, deta ndi zinthu zimene zayezedwa, zawerengedwa kapena zayankhidwa, n'kulembedwa: kutalika kwa ana, mitengo ya chimanga m'misika, kuchuluka kwa odwala malungo mwezi uno. Statistics ndi luso lotolera zinthu zimenezi, kuzisanja, ndi kunena zimene zikusonyeza limodzi ndi zimene sizingasonyeze.

Lusoli linayambira pa maliro. M'chaka cha 1662, wamalonda wina wa ku London, John Graunt, anatenga mapepala olengeza imfa amene ankatuluka mlungu ndi mlungu mumzindawo, n'kuyamba kuwerengetsera matenda amene ankapha anthu ambiri. Anaonanso kuti ana aamuna amabadwa ochulukirapo pang'ono kuposa aakazi. Mapepalawo anali pa mbalambanda kwa aliyense, koma iye ndi amene anawafunsa mafunso.

Kusukulu, statistics imakhala mkati mwa masamu, monganso ana athu a ku sekondale amakumana nayo m'buku la masamu. Komabe ziwirizi zimasiyana khalidwe. M'masamu, 7 kuphatikiza 5 ndi 12 kulikonse, ndipo palibe amene amafunsa kuti 7 ameneyo ndi wa chiyani. Mu statistics, nambala yopanda mbiri yake ili ngati munthu wobwera ndi mbuzi usiku akuti akugulitsa. Mbuzi mukuiona, koma musanatulutse ndalama muyenera kudziwa khola limene yachokera.

Kalembera wa ana

Kalembera ndi kuwerenga anthu onse, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Ku Malawi ntchitoyi imagwiridwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, ndipo chilandirireni ufulu yachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Ganizo loti ana achite kalembera wawowawo linayesedwa ku New Zealand cha mu 1990, motsogozedwa ndi katswiri wa ziwerengero Sharleen Forbes. Patapita zaka khumi, mu 2000, nthambi ya zamaphunziro ya bungwe la akatswiri a ziwerengero la Royal Statistical Society, imene inali pa Nottingham Trent University ku England, inakhazikitsa pulogalamu yotchedwa CensusAtSchool, kalembera wa dziko la Britain wa 2001 atayandikira. South Africa inalowa nawo mu 2001 kudzera ku Statistics South Africa, New Zealand ndi Canada mu 2003, ndipo Australia, Ireland ndi Japan nawo anachita zawo. Ku America, bungwe la American Statistical Association linayamba mu 2010.

Tiyerekeze kalasi ya ana a zaka 11 ku Auckland, mzinda wa ku New Zealand, pa tsiku la kalemberayu. Mabenchi akankhidwira kumbali. Pakhoma aphunzitsi amata tepi yoyezera, ndipo ana akuvula nsapato n'kuima mmodzimmodzi msana kukhoma, mnzawo atagwira buku pamutu pawo kuti aone pamene afika. Pakona ina mwana wagunditsa chidendene kukhoma, mnzake wagwada akuwerenga masentimita pamene pathera chala chachikulu cha phazi lamanja. Ena atambasula manja akuyeza mkwamba, kuchoka ku nsonga ya chala chapakati cha dzanja ili kukafika ku dzanja linalo. Wina wakoleka chikwama chake cha mabuku pa sikelo. Akatha, aliyense amakhala pa kompyuta n'kuyankha mafunso: wabwera bwanji kusukulu lero, watenga mphindi zingati panjira, amalankhula zilankhulo zingati, amalemba ndi dzanja liti. Pali ndi kasewero koyesa changu, komwe mwana amadina msanga akaona chizindikiro chasintha, kompyuta n'kulemba nthawi imene watenga. Ku New Zealand mafunsowa amapezeka m'Chingerezi ndi m'chilankhulo cha Amaori.

Mayina salembedwa. Aphunzitsi amalandira tebulo la mayankho a kalasi yawo, ndipo mayankho omwewo amakalowa m'nkhokwe yaikulu. Mafunso ena amakhala ofanana m'maiko onse otenga nawo mbali, dala, kuti mwana wa ku Toronto athe kutapa mayankho a ana 200 a ku Australia n'kuwaika pambali pa a kalasi yake.

Tebulolo likabwera, silibwera loyera. Mwana wina walemba kuti ndi wamtali masentimita 15 chifukwa nambala imodzi yathawa. Wina walemba 1.52 poganiza za mamita pamene anzake alemba 152. Wina anayeza phazi atavala nsapato. Ndipo m'kalasi iliyonse simulephera kukhala wanthabwala amene walemba kuti amalankhula zilankhulo 40. Buku la masamu likanachotseratu zonsezi mwana asanazione. Apa mwanayo ndi amene ayenera kugamula: 15 ameneyu timutaye, timukonze kukhala 150, kapena tikamuyezenso mwini wake? Nanga mwana amene walemba 185, wanama kapena ndi wamtalidi? Kusankha mpunga kumafuna diso lomweli, loti uchotse mwala koma usatayire limodzi mpunga wabwino chifukwa choti wada pang'ono. Ine ndimaona kuti phunziro lalikulu la pulogalamu yonseyi lili pamenepa, chifukwa mwana amene anaonapo mnzake akuyeza phazi ndi nsapato sangaonenso tebulo la manambala ngati chinthu chogwa kuchokera kumwamba.

Aphunzitsi a ku New Zealand amatsata ndondomeko imene akatswiri awiri a pa University of Auckland, Chris Wild ndi Maxine Pfannkuch, anaifalitsa mu 1999: yamba ndi funso, konza momwe ulifufuzire, tolera deta, isanthule, kenako nena zimene wapeza, zimene kawirikawiri zimabala funso lina. Kuwerengetsa kwenikweni ndi gawo limodzi lokha mwa asanuwo.

Sampulo

Kalembera amadya ndalama zambiri ndi nthawi, n'chifukwa chake kwathu kuno amachitika kamodzi pa zaka pafupifupi khumi. Pakati pa zakazo timadalira sampulo, kutanthauza gulu laling'ono losankhidwa kuti liimire gulu lalikulu. Pamene mkulu wa ofesi ya ziwerengero ya ku Norway, Anders Kiaer, anapereka ganizo limeneli pa msonkhano wa akatswiri ku Bern mu 1895, anzake ambiri anakana, nati kuwerenga ndi kuwerenga onse basi. Panadutsa zaka zambiri mpaka Jerzy Neyman, mu 1934, anasonyeza ndi masamu ubwino wosankha anthu mwamaere.

Amayi ophika ndiwo za pa ukwati mu mphika waukulu samwa theka la msuzi kuti adziwe ngati mchere wakwana. Amatakasa bwinobwino, n'kudonthetsera pang'ono pachikhatho. Kadontho komweko ndi kamene amalawa akamaphika m'kapoto ka kunyumba. Kukula kwa mphika sikusintha zambiri, chofunika ndi kutakasa. Mu kafukufuku, kutakasako ndi maere: aliyense akhale ndi mwayi wosankhidwa, wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje, wa m'tauni ndi wa kumudzi. Zikatero, anthu 1,200 amapereka chithunzi chimene nthawi zambiri chimaphonya ndi mapointi osapitirira atatu pa 100, uku kapena uku. Afrobarometer, imene inayamba mu 1999, imalengeza malire amenewa pamodzi ndi zotsatira zake. Tanthauzo lake n'lakuti ngati anthu awiri opikisana pa chisankho apeza 41 ndi 39 pa 100, kafukufukuyo sanganene motsimikiza amene ali patsogolo.

Koma pali sampulo ina, ya ndowa ya tomato pamsika. Pamwamba pali zikuluzikulu zofiira bwino, ndipo mukaweruza ndowa yonse ndi zimenezo mukalira kunyumba. Kuonjezera tomato wa pamwamba sikuthandiza, ngakhale mutaona ndowa 100. Magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inagwa m'mbuna imeneyi mu 1936. Inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene osauka analibe zinthu zimenezi, komanso amene anavutikira kubweza kalata anali osiyana maganizo ndi amene anangoitaya. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, ananeneratu molondola kuti Roosevelt apambana.

M'kalasi, ana amaziona okha zimenezi. Aliyense amatapa mwamaere mayankho a ana 30 m'nkhokwe ija n'kupeza avereji ya kutalika kwawo. Mayankho amasiyana, wina 149, wina 153, wina 151, ngakhale onse atapa m'nkhokwe imodzi. Akatapa ana 300 aliyense, mayankho awo amayandikana. Palibe amene walakwa masamu. Ndi mmene sampulo imakhalira.

Avereji ndi nambala ya pakati

Avereji imapezeka pophatikiza manambala onse n'kugawa ndi kuchuluka kwake. Akatswiri a zakuthambo ankaigwiritsa ntchito pofuna kuchepetsa zolakwika poyeza nyenyezi, ndipo Adolphe Quetelet wa ku Belgium ndi amene anaibweretsa pa anthu m'zaka za m'ma 1830, polankhula za "munthu wa avereji", munthu amene palibe anakumanapo naye pamsewu.

Ana asanu abwera ndi ndalama yodyera pa buleki: K200, K200, K300, K300, ndi mmodzi K9,000 chifukwa amalume ake abwera dzulo kuchokera ku Johannesburg. Zonse pamodzi ndi K10,000, avereji K2,000. Wina akalengeza kuti ana a kalasi iyi amabwera ndi K2,000 sananame, koma anayi mwa asanuwo sangagule ngakhale theka la zimene nambalayo ikulonjeza. Mukawandandalika kuyambira wochepa kufika wochuluka n'kutenga wa pakati, mupeza K300. Imeneyi ndiyo median, ndipo amalume a ku Joni saisuntha. Pa mphindi zimene ana amatenga popita kusukulu zimachitikanso chimodzimodzi, poti ochepa ochokera kutali amakoka avereji yonse. Nambala yoyenera pa ziwirizi imadalira funso limene mukufuna kuyankha, ndipo wolengeza amatha kusankha imene ikumukomera.

Galafu

Galafu ndi manambala ojambulidwa kuti diso liwaone kamodzi. William Playfair wa ku Scotland anayamba kujambula galafu ya mizati mu 1786. Florence Nightingale, amene ambiri amangomudziwa ngati namwino, anajambula yake mu 1858 yosonyeza kuti pa nkhondo ya ku Crimea asilikali ambiri a Britain anafa ndi matenda opeweka kuposa mabala a nkhondo. Ana aang'ono amayamba ndi yosavuta: mzere pansi, ndipo aliyense amaika kadontho pa nambala yake. Madontho akaunjikana, mwana amaona pamene pali ambiri, amene ali patali okha, ndi pamene iye waima.

Kuyendera limodzi

Ana akajambula kutalika kwa thupi mbali imodzi ndi mkwamba mbali inayo, madontho amakwera limodzi ngati njira yopita kuphiri. Wamtali amakhalanso ndi mkwamba wautali, ndipo manambala awiriwo amayandikana kwambiri, monga Leonardo da Vinci anajambulira cha mu 1490. Kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri kotereku kumatchedwa correlation, ndipo njira zokuyezera zinakonzedwa ndi Francis Galton ndi Karl Pearson kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Msampha uli pafupi. Mukatenga sukulu yonse, ana a mapazi aakulu amawerenga bwino kuposa a mapazi aang'ono. Si kuti nzeru zili kuphazi. A mapazi aakuluwo ndi akuluakulu, akhala pasukulu zaka zambiri. Ngumbi zikamatuluka mitsinje imadzaza, koma palibe amene amati ngumbi ndizo zimadzaza Linthipe, poti tonse tikudziwa kuti kumbuyo kwa ziwirizi kuli mvula. Pa ngumbi n'zosavuta kuona. Pa nkhani ngati yoti ana okhala ndi mafoni amakhoza kapena kulephera mayeso, mvula yake imabisala, ndipo akuluakulu ophunzira amakodwa tsiku ndi tsiku.

Kuyerekeza maiko

Mwana wosayenda amati amayi ake ndiwo amaphika bwino. Chifukwa chachikulu chobweretsera deta ya maiko ena m'kalasi ndi chimenechi, kuti mwana aone kuti zimene iye amaziyesa zachibadwa, monga kukwera basi yachikasu kapena kuyenda wapansi ola lathunthu, kwina si mmene zilili.

Akuluakulu nawo amafunika kuyenda kotereku. Hans Rosling, dokotala wa ku Sweden amene anagwirapo ntchito ku Nacala m'dziko la Mozambique kuyambira 1979 mpaka 1981, ankapatsa ophunzira ake a payunivesite maiko awiriawiri, monga Sri Lanka ndi Turkey, kapena Poland ndi South Korea, n'kuwafunsa kumene ana aang'ono amafa kwambiri. Ophunzirawo ankalakwa kuposa mmene akanalakwira atangolotera, moti iye ankaseka kuti anyani osankha mwachisawawa akanawaposa. Vuto silinali kusadziwa, koma kudziwa zinthu zakale zimene zinasintha. Mu 2005 iye, mwana wake Ola ndi mpongozi wake Anna anakhazikitsa bungwe la Gapminder, limene limaika ziwerengero za maiko m'magalafu oyenda, ndipo aphunzitsi ambiri amawagwiritsa ntchito. Palinso akafukufuku akuluakulu ofunsa mafunso ofanana m'maiko ambiri, monga Demographic and Health Surveys, amene anayamba mu 1984 ndipo anafika ku Malawi koyamba mu 1992, ndi MICS wa UNICEF. Malipoti awo ndi oti aliyense angathe kuwerenga.

Komabe kuyerekeza maiko kuli ndi minga yake, ndipo CensusAtSchool yeniyeniyo ndi chitsanzo. Sukulu zimalowamo mwa kufuna kwa aphunzitsi, osati mwamaere, ndipo m'maiko ambiri pamafunika kompyuta ndi intaneti. Choncho "ana a ku Canada" a m'nkhokwe ija ndi ana a sukulu zimene aphunzitsi ake anachita chidwi, zomwe zikhoza kukhala tomato wa pamwamba. Maere amene mwana amachita potapa m'nkhokwemo sangakonze mmene nkhokweyo inadzazidwira. Mafunso nawo amasintha tanthauzo akawoloka malire. "Kunyumba kwanu mumakhala anthu angati?" ndi funso lophweka ku London. Kwa mwana amene amagona kwa agogo, amadya kwa azakhali ndipo makolo ake ali ku Lilongwe, yankho limadalira nyumba imene waiganizira. Kasewero ka changu kaja kamayeza mwana, komanso kamayeza kompyuta imene wagwiritsa ntchito. Ngakhale nyengo imalowererapo, chifukwa mwezi umene ku England kuli chisanu ku New Zealand kuli chilimwe, ndipo mayendedwe opita kusukulu amasintha nazo. Otsutsa amati zimenezi zikusonyeza kuti deta yotereyi ndi yosadalirika. Oikonda amati kupeza zolakwika zimenezi ndiko kuphunzira kumene akufuna.

Zimene sizinagamulidwe

Funso loyamba ndi la nthawi ndi mayeso. Tsiku limene ana akuyezana mapazi ndi tsiku limene sanachite masamu ena a m'silabasi, ndipo mayeso ambiri amafunsa kuwerengetsa avereji, osati kufotokoza chifukwa chake sampulo ili yokondera. Mphunzitsi amene amaweruzidwa ndi chiwerengero cha ana okhoza amadziwa mbali imene angatsamire. Kodi mayeso asinthe, kapena statistics ichoke m'masamu n'kukalowa m'maphunziro ngati jogalafe ndi sayansi? Ku America malangizo otchedwa GAISE, amene anavomerezedwa mu 2005 n'kukonzedwanso mu 2020, amalimbikitsa kuyamba ndi funso ndi deta yeniyeni, koma malangizo si lamulo, ndipo aphunzitsi ambiri a masamu sanaphunzitsidwe motero iwo eni.

Lachiwiri ndi la chinsinsi. Dzina likhoza kusalembedwa, koma m'kalasi ya ana 30 aliyense amadziwa mtsikana wamtali kuposa onse, choncho mzere wake m'tebulo ndi wodziwika, pamodzi ndi mayankho ake ena onse. Funso ngati loti wadya chiyani m'mawa ndi losangalatsa kwa mwana amene wadya, koma kwa amene wabwera ndi njala likhoza kukhala lochititsa manyazi pamaso pa anzake. Ndani asankhe mafunso oyenera ana? Makolo avomereze pa chiyani, ndipo mayankhowo asungidwe zaka zingati?

Lachitatu ndi la ndalama. Nkhokwe ya deta imafuna woisamala chaka ndi chaka. Ofesi ya ziwerengero ya Statistics Canada inasiya kuyendetsa pulogalamu yake mu 2012 ndalama zitadulidwa, ndipo bungwe la akatswiri a statistics a m'dzikomo ndi limene linainyamula. Ku New Zealand yapitirirabe chifukwa yunivesite, unduna wa zamaphunziro ndi ofesi ya ziwerengero anagwirana manja. Sizikudziwika bwino kuti mwini wake weniweni wa ntchito yotereyi ayenera kukhala ndani.

Ndiye pali funso la maiko amene ana ake sapezeka m'nkhokwezi. Kuyeza kutalika kumangofuna chingwe, rula ndi khoma, ndipo galafu ya madontho ikhoza kujambulidwa ndi choko, kapena pansi ndi timiyala. Kalasi ya ana 100, imene imamulemera mphunzitsi pa china chilichonse, pa statistics ndi sampulo yaikulu kuposa imene mnzake wa ku Auckland ali nayo. Koma kuti manambala a anawo akumane ndi a anzawo a kunja pamafunika wowalowetsa pa kompyuta, womasulira mafunso mosasintha tanthauzo, ndi wolipira bando. Kodi mafunso olembedwera mwana wa ku Nottingham angamasuliridwe n'kugwira ntchito ku Ntchisi, kapena ana a ku Ntchisi alembe awoawo, ngakhale zitatanthauza kuti mayankho awo sadzatha kuikidwa pambali pa a wina aliyense?